Khoma la Anansi Awiri

Anaibweretsa pa lole kuchokera ku Seke,
thirakitala yofiira, utoto utasuluka ndi dzuwa,
mwini wake Mai Chinembiri ali pamwamba
atagwira chiwongolero ngati ikuyenda yokha.
Akuti m'mawa imakana kulira,
ikalira imasanza utsi woyera,
madzi a mu radiyeta amatha osaona podontha.
Za mvula sananene.
Tonse tinangoyang'ana mitambo pamwamba pa Mbare.

Bambo anga a Dafuleni sagwiranso sipanala.
Amakhala pa tayala lakutha pakhomo pa shedi yathu ku Magaba,
chifuwa chikuimba ngati ketulo,
malipiro a zaka zambiri m'fumbi la fodya ndi utsi wa dizilo.
"Tiyese, usathamangire kumasula. Yamba waifunsa."

Ndinaifunsa.
Pakamwa pa radiyeta, injini ikugunda,
thovu linkatuluka limodzilimodzi
ngati wina akupumira pansi pa madzi.
Kachitsulo koyezera oyilo
kanatuluka ndi mtundu wa tiyi wamkaka.

Ndinazula mainjekita anayi
n'kuwagoneka pa nyuzipepala, aliyense pamalo pake.
Geji yathu galasi linasweka kalekale
koma singano yake sinama.
Silinda yoyamba: inakwera n'kuima njii.
Yachiwiri: inafika pakati, n'kutopa.
Yachitatu chimodzimodzi, ngati zinachita kupangana.
Yachinayi bwinobwino.

"Donthezamo oyilo. Pang'ono, dizilo sachedwa kupsa mtima."
Singano sinasinthe maganizo.
"Si maringi," anatero, n'kudikira mpweya ubwerere.
"Anansi awiri akasauka tsiku limodzi,
kayang'ane khoma lomwe agawana."

Bauti imodzi inakana mpaka masana.
Malizani anakolowekera paipi pa sipanala, n'kuilendewera,
inalira kamodzi ngati mbuzi, n'kuvomera.
Mutu wa injini tinaunyamula anthu atatu.
Pansi pake gasiketi ili gone,
pakati pa yachiwiri ndi yachitatu
papsa kampata kosakwana chala changa chaching'ono.
Kampata kameneko!
Maekala khumi ndi awiri osalimidwa.

Ndinagoneka lula yachitsulo pa mutuwo.
Kuwala kunadutsa pansi pake.
Wapindika.
Tinaukankha pa ngolo mpaka ku Graniteside kuti akaupale,
magetsi n'kuthima masiku awiri.
Mai Chinembiri ankaimba foni dzuwa likamalowa,
ine kuyankha m'Chishona chaulemu,
kutukwana m'Chichewa nditadula.

Ku Siyaso magasiketi analipo awiri,
wotchipa ndi weniweni.
Ndinaima nthawi yaitali, ndalama zili m'dzanja.
Ndinagula amene bambo sakanandifunsa kawiri.

Kupala pamwamba pa buloko ndi lumo,
kupukuta, kupukutanso, mpaka nsanza ituluke yoyera.
Kumanga kumayambira pakati, kumapita kunja,
uku, uko, uku, uko,
maulendo atatu, ulendo uliwonse mwamphamvuko.
Bambo ankawerenga ndi chala m'mwamba
chifukwa mawu tsiku limenelo anali odula.
Nditalumpha bauti imodzi
anamenya tayala ndi chikhatho.

Sabata yatha kuchipatala cha pa Gomo
anawapatsa kapaipi kuti auzire.
Ndinaona nambala, namwino anaiona,
palibe anatchula za kupala kapena kumanga.

Oyilo watsopano, madzi atsopano.
Ndinatulutsa mpweya m'mapaipi a dizilo
mpaka thovu litatha, manja akununkha.
Kiyi.
Inatsokomola kawiri, yakuda,
kenako inagwira, anayi onse pamodzi,
malata a shedi akunjenjemera,
ana a pamafulati akuthamangira kudzaona.

Mai Chinembiri ankawerenga madola opindikapindika pa bondo.
Bambo anawakodola ndi dzanja.
"Ikalima sabata, ibwerenso. Mabauti amamasuka akatenthedwa."
Anapuma. Anapumanso.
"Adzakumangirani ndi uyu."

Ndinawerama kutola masipanala,
khumi ndi zitatu sinkaoneka,
ndinaifunafuna nthawi yaitali pansi pa benchi.